Corolla 4K: sitata ikulemera, injini ikugogoda pokwera Thabwa

Mwini KE70: Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani ya Corolla KE70, injini 4K ya mapointi (tizitsulo tiwiri timene timatseguka ndi kutseka kuti pulagi itulutse moto). Inali ya malemu bambo anga, ndipo yakhala zaka zingapo pansi pa mtengo wa mango kumudzi ku Chikwawa osayenda. Mwezi watha tinaidzutsa. Mapulagi atsopano, mapointi ndi kondensa zatsopano, oyilo watsopano, kabuleta yatsukidwa. Makaniko amene anaika mapointi anatchera timing (nthawi imene pulagi imatulutsira moto) ndi khutu, akuponda moto uku mnzake akupotoza distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi, mpaka anati "apa ndi pomwepo". Pamsewu woyalika imathamanga ndithu. Koma ikatentha n'kuizimitsa, poliza sitata imalemera, imati gu... gu... kenako n'kulira. Ndagula batire yatsopano, palibe chasintha. Komanso pokwera Thabwa pa giya 3 ikugogoda ngati timiyala m'chitini. Ndiyambire pati?

Madala a Sipanala: Mwana wanga, batire yakale ija musataye, ilibe mlandu. Zizindikiro ziwirizi zikuchokera pamodzi: moto ukufika msanga. Pulagi ikuthetheka pisitoni ikadali kutali ndi pamwamba, ndiye petulo woyakayo akuikankhira pansi pamene sitata ikuikankhira m'mwamba. Zikulimbirana m'katimo. Thabwa muyambe mwaleka kukwera nayo. Kugogoda kumeneko kumadya pisitoni, ndinatulutsapo ina yobooka pakati penipeni.

Khutu Langa: Zophweka izi achimwene. Khwefulani bawuti ya distributor, bwezani pang'ono, lizani. Ikalemerabe bwezaninso. Ife takhala tikuyendetsa ma 120Y ndi ma Peugeot popanda timing light, nyale ija yoonera timing. Injini imanena yokha.

Madala a Sipanala: Imanenadi, koma khutu lomwelo ndi limene lawafikitsa pamene alipa. Ndipo musanakhudze bawutiyo, yambani mwaona mpata wa mapointi. Ndi pamene anthu ambiri amalakwitsira: amatchera timing, kenako n'kukhudza mapointi, timing yonse n'kusokonekera. Moto umatuluka nthawi imene mapointi akutseguka. Mpata ukakula amatseguka msanga, ukachepa amachedwa. Ndiye mpata kaye, timing pambuyo. Pa 4K mpata ndi 0.45 mm. Chotsani kapu ya distributor ndi rota yozungulira m'kati mwake, zunguzani injini mpaka kachidendene ka mapointi kakhale pansonga penipeni pa kamu, chitsulo chimene chimatsegula mapointi, lowetsani fila geji. Izilowa mokhula pang'ono, osati mothina, osatinso kugwedera. Fila ikhale yoyera, mukasiya oyilo pa mapointi amapsa.

Mwini KE70: Fila geji ndili nayo, inali m'bokosi la bambo. Nanga timing yeniyeniyo ndi ingati? Timing light ndilibe.

Madala a Sipanala: Madigiri 8 pisitoni isanafike pamwamba, chimene mabuku amalemba kuti 8° BTDC. Ngati pansi pa boneti pakadali kachikalata ka Toyota, tsatirani kameneko chifukwa ma 4K ena anatuluka mosiyana pang'ono malinga ndi dziko limene amapita. Timing light si yofunika lero. Pezani babu laling'ono la 12V, la indiketa kapena la padashibodi, ndi mawaya awiri.

Chitani chonchi. Silinda 1 ndi ya kutsogolo, kufupi ndi redieta. Chotsani mapulagi onse kuti injini ipepuke. Tsekani bowo la pulagi 1 ndi chala chachikulu, wina azizunguza injini ndi sipanala pa bawuti ya pulley, mbali imene wotchi imayendera mukaima kutsogolo kwa galimoto. Mukamva mpweya ukukankha chala, ndiye kuti pisitoni ikukwera pa compression. Tsopano maso pa pulley. M'mphepete mwake muli kamzere kochekedwa, ndipo pa chivundikiro cha tcheni pali manambala. Palani dothi ndi burashi, pakani choko pa kamzereko. Zunguzani pang'onopang'ono mpaka kamzere kafike pa 8, kasanafike pa 0. Mukapitirira musangobweza pang'ono ayi. Bwererani kumbuyo ndithu, n'kubweranso cha kutsogolo, kuti tcheni ikhale yokokeka monga imakhalira injini ikamayenda.

Apo rota iyenera kuloza kumene waya wa pulagi 1 umalowera pa kapu. Waya umodzi wa babu pa negetivu ya koyilo, pamene pamachokera kawaya kopita ku distributor, winawo pa bodi. Tsegulani kiyi, osaliza. Khwefulani bawuti, potozani distributor kutsata kumene rota imazungulira mpaka babu lizime. Kenako ibwezeni motsutsana ndi rota, pang'onopang'ono kwambiri. Pamene babu langoti nga, imani pomwepo, mangani bawuti. Mapointi angotseguka kumene, ndipo ndi pomwe moto udzatulukire.

Mayi wa Liteace: Ndionjezereko chimodzi madala. Kiyi musamusiye wotsegula nthawi yaitali injini isakulira. Mapointi akakhala otseka koyilo imatentha moti simungaigwire. Yanga ndi 5K, mchimwene wake wa 4K yomweyi, ndipo ana anandisiyirapo kiyi akumvera wailesi, koyilo n'kuyamba kutuluka mafuta.

Mwini KE70: Zikomo mayi. Funso mwina lopepera: ndidziwa bwanji mbali imene rota imazungulira?

Mayi wa Liteace: Si lopepera. Kapu ili yochotsa, wina angogunda sitata kamodzi inu mukuyang'ana. Mulembe kamuvi ndi choko pa bodi ya distributor, poti mukawerama m'menemo mutu umasokonezeka. Lamulo lake ndi limodzi pa galimoto iliyonse: kupotoza motsutsana ndi rota ndi kufulumizitsa moto, kutsata rota ndi kuuchedwetsa. Mawaya a mapulagi nawonso amatsata rota, 1-3-4-2.

Wa ku Joni: Kale tinkagwiritsa ntchito kapepala kopyapyala ka mupaketi ya fodya. Kuika pakati pa mapointi, kumakoka pang'ono uku ukupotoza distributor, pamene katuluka ndi pomwepo. Koma babu ndi labwino kuposa.

Mnyamata wa Mawaya: Akulu, 4K mukuivutikira chonchi chifukwa chiyani? Tayani mapointi, ikani electronic. Kamodzi basi, mwaiwala.

Madala a Sipanala: Electronic ndi yabwino, sindikukana. Koma imalowa m'malo mwa mapointi okha. Timing uyenerabe kutchera, ndipo zonse zili pansi pa mbale ya distributor zimatsala momwemo. Tiyeni tione kaye chimene chavuta tisanawagulitse munthu katundu wina, batire yakwana.

Mwini KE70: Ndabwerako. Mpata unali waukulu, fila ya 0.60 imalowa mosavuta. Ndaubweza pa 0.45. Nditaika kamzere pa 8 n'kutsegula kiyi, babu linali loyaka kale, ndipo ndinapotoza distributor kamtunda ndithu lisanazime. Ndatchera monga mwanenera. Ikulira kiyi kamodzi, yozizira ndi yotentha yomwe. Idling yakhazikika, kugogoda kwatha.

Koma pabuka china. Mphamvu yatha. Ndaiyesa pa Chipembere Highway, ikafika cha m'ma 60 imangolira osapita. Kuchitunda ndikuchita kutsitsa magiya mpaka 2, ndipo muvi wa kutentha ukukwera kuposa kale.

Khutu Langa: Mwaona? Buku linalembedwa ku Japan galimoto ili yatsopano. Injini yokalamba imafuna zake. Makaniko uja sanali wopusa, anaika pamene imakoka. Bwezani pakatikati, pakati pa 8 ndi pamene inali, muziyenda.

Madala a Sipanala: Apa ndikugwirizana nanu theka. Makaniko uja anaikadi pamene imakoka. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani injini ikufuna moto wofulumira chotero kuti ikoke, chonsecho poliza ikuukana? Injini yabwino imalira bwino pa 8, imakokanso bwino pa 8 yomweyo, chifukwa distributor imaonjezera yokha ikamathamanga. Ikalephera kuonjezera, mwini amasankha: ilire bwino koma isakoke, kapena ikoke koma izigogoda. Pakatikati mupeza mavuto onse awiri, pang'ono pang'ono.

Mwana wanga, chotsaninso kapu. Gwirani rota, ipotozeni kutsata kumene imazungulira. Iyenera kuyenda pang'ono, mukumva kasipuling'i kakukana, ndipo mukaisiya ibwerere yokha kuti tcha. Mutiuze.

Aphunzitsi Opuma: Podikira yankho, ndiike masamu pang'ono, mwina athandiza amene akungowerenga. Petulo m'silinda saphulika nthawi imodzi, amayaka kuchokera pa pulagi kufalikira m'mbali, ndipo zimatenga kanthawi, magawo ochepa a sekondi itagawidwa ka 1,000. Injini ikamazungulira ka 750 pa mphindi, pa gawo limodzi lotere crankshaft imayenda madigiri 4.5. Ikafika ka 3,000 pa mphindi, pa gawo lomwelo imayenda madigiri 18. Pisitoni yathamanga kanayi, koma moto sunafulumire kanayi. Ndiye kuti mphamvu yonse igwere pisitoni itangodutsa pamwamba, pulagi iyenera kuyatsa msanga injini ikamathamanga. N'chifukwa chake 8 wa pa idling amakwera kufika cha m'ma 30 pa injini za mtundu uwu. Akakhala pa 8 pomwepo, petulo amamaliza kuyaka pisitoni itatsika kale, kutentha kwambiri n'kupita ku ekizozi ndi kumadzi m'malo mokankha galimoto. Muvi umene ukukwerawo ndi umenewo.

China choti muzikumbukira: distributor imazungulira kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri. Mukaipotoza digiri imodzi, pa pulley asintha madigiri awiri. Dzanja likhale lofatsa.

Khutu Langa: Aphunzitsi mwatibwezera Folomu 3.

Aphunzitsi Opuma: Mukanamvetsera nthawi imeneyo bwenzi lero mukutiphunzitsa ndinu.

Mwini KE70: Rota yauma gwa. Siikusuntha ngakhale pang'ono, ndayesa mbali zonse.

Madala a Sipanala: Tagwira mbava. Pansi pa mbale imene pamakhala mapointi pali tizitsulo tiwiri tolemera, magavana, tomangidwa ndi tisipuling'i tiwiri. Shafti ikamathamanga timatambasuka, n'kupotoza kamu kupita kutsogolo kuti mapointi atseguke msanga. Kamuyo imavala pa shafti ndipo iyenera kuyenda payokha. Galimoto ikakhala zaka pansi pa mtengo, girizi amauma, chinyezi chimalowa, dzimbiri n'kugwiriza kamu ku shafti. Makaniko wanu anatchera akuponda moto, ndiye anaika timing ya liwiro pa distributor yosayenda. Poliza sitata imakumana ndi madigiri omwewo.

Yesaninso vacuum tidziwiretu. Ndi kachitini ka m'mbali mwa distributor kamene nakonso kamafulumizitsa moto, kali ndi paipi yopita ku kabuleta. Zulani paipiyo ku kabuleta, yamwani ndi pakamwa kapu ili yochotsa. Mbale ya mapointi isunthe. Tsekani paipi ndi lilime, mbale ikhale pomwepo osabwerera. Mukachotsa lilime ibwerere. Ngati mukungoyamwa mpweya osatha, kachikopa ka m'kati kang'ambika.

Mwini KE70: Vacuum ikugwira, lilime likuchita kumatirira. Ndiye ndithire mafuta opopera aja pamwamba pa shafti?

Mnyamata wa Mawaya: Poperani, siyani usiku, m'mawa mugwedeze ndi pulayala.

Madala a Sipanala: Pulayala pa rota ayi, muthyola. Pa kamu ayinso, mukakanda pamene kachidendene kamadutsa mapointi sadzakhalitsa. Izuleni distributor, mukaigwirire pa tebulo. Si ntchito yoopsa mukasunga zizindikiro. Ikani injini pa 8 pa compression ya silinda 1 monga munachitira, ndipo kuyambira pamenepo musaizunguzenso, galimoto isakankhidwe ili m'giya. Lembani pamene rota ikuloza pa bodi ya distributor, lembaninso pamene bodi yakhalira pa injini. Jambulani ndi foni. Mukamaizula muona rota ikupotoka pang'ono, chifukwa mano a giya yake ndi opendekeka. Lembaninso pamene yathera, pobwezera mudzayambira pomwepo.

Pa tebulo, chotsani mapointi, vacuum, kenako mbale. Pamwamba pa kamu, pansi pa rota, pali kasikuluwu kamene kamagwira kamu ku shafti. Musanachotse kanthu, pakani penti kapena kandani chizindikiro pa kamu ndi pa gavana mmodzi, chifukwa kamu imatha kulowa mbali ziwiri, ndipo mukaitembenuza rota idzaloza kwina. Tisipuling'i nthawi zambiri sitifanana, kena kofewa kena kolimba. Kalikonse kabwerere pamalo pake, ndipo musatikoke mopitirira, mukatitalikitsa mwasintha mmene moto umakwerera. Nyikani m'parafini, tsukani dzimbiri pa shafti ndi sandipepa wosalala kwambiri, pakani girizi pang'ono, magavana aziyenda ndi chala chimodzi.

Mayi wa Liteace: Tisipuling'i timeneto muchotsere m'kati mwa beseni kapena pa chitenje choyala. Timadumpha, ndipo kakagwera pa dothi mukasaka mpaka dzuwa kulowa. M'mashopu simupeza katokha, akuuzani kuti gulani distributor yonse.

Wa ku Joni: Mukadali pomwepo gwedezani shafti cham'mbali. Ikamagwedera ndiye kuti mabushi atha, mpata wa mapointi uzisintha pa kuzungulira kulikonse, timing sidzakhazikika ngakhale mutchere bwanji. Kuno ma Nissan 1400 ndi ambiri, anasiya kuwapanga mu 2008, ndipo vuto limeneli ndaliona pa ambiri oyenda mtunda wautali. Pamenepo ndi pomwe electronic ya mnyamata uja imathandizako, poti ilibe kachidendene kokankha shafti.

Mnyamata wa Mawaya: Mwamva madala? Nanenso ndili ndi mboni.

Madala a Sipanala: Ndamva. Shafti ikapezeka yogwedera ndidzakuitana ndekha.

Mwini KE70: Shafti ili bwino, siikugwedera. Kamu inagwiradi, pochoka panatuluka phala lofiira la dzimbiri ndi girizi wouma. Gavana mmodzi anali womatirira pa mbale yake. Tsopano zonse zikuyenda, rota ikubwerera yokha. Koma pobwezera pa injini distributor ikukana kukhala pansi. Mano alowa, rota yapotokera pa chizindikiro changa, koma patsala kampata ngati kukhuthala kwa pensulo pakati pa bodi ndi injini. Ndimange bawuti kuti iikokere pansi?

Madala a Sipanala: AYI. Siyani sipanala pansi. Pa injini za K, nsonga ya pansi ya distributor ndi imene imazunguza pampu ya oyilo. Nsongayo ndi yaphanthiphanthi, imalowa mu kamng'alu ka shafti ya pampu. Panopa yakhala pamwamba pa kamng'aluko osalowa. Mukakakamiza ndi bawuti muwononga pampu kapena distributor. Choopsa kwambiri, injini ikhoza kulira chonchobe pampu isakuzungulira, ndipo mphindi zochepa mabering'i apita.

Izuleninso, unikani ndi tochi m'bowomo, muona kamng'alu pansi. Yang'anani mbali imene nsonga ya distributor idzaloze rota ikafika pa chizindikiro chanu, ndiye tengani sikuludiraiva yaitali mupotoze kamng'aluko kaloze chimodzimodzi. Lowetsaninso. Mwina mubwereza kangapo. Ikapeza malo ake imagwa yokha, mumva kuti khu, bodi n'kukhudza injini popanda mpata. Mukaliza, maso pa nyale ya oyilo. Ikapanda kuzima m'masekondi ochepa, zimitsani.

Khutu Langa: Apa madala anena zoona, sinditsutsa. Ndinaona 3K itafa chonchi, mwini wake akusangalala kuti yalira.

Aphunzitsi Opuma: Kwa ena amene angazule distributor osalemba zizindikiro, kapena injini itazunguzidwa: kamzere ka pulley kamafika pa 0 kawiri, koyamba silinda 1 ili pa compression, kachiwiri silinda 4 ndiyo ili pa compression. Mukaika rota pa waya 1 nthawi yolakwikayo, injini silira, imangophulika ku kabuleta kapena ku ekizozi. Chala pa bowo la pulagi chimathetsa mkangano. Kapena tsegulani chivundikiro cha mavavu: ma rocker onse awiri a silinda 1 akhale ogwedera.

Mwini KE70: Yakhala pansi. Ndabwereza mpata 0.45, ndatcheranso ndi babu pa 8, nyale ya oyilo inazima nthawi yomweyo. Mnzanga wa kuntchito wandibwereka timing light. Ndiigwiritse bwanji, poti babu latchera kale?

Mnyamata wa Mawaya: Apa ndi kwanga. Mawaya awiri ku batire, wofiira ku positivu. Kachipanira pa waya wa pulagi 1, ngati pali kamuvi kaloze ku pulagi. Injini itenthe kaye, choke ikhale yotseguka, idling yotsika bwino, chifukwa ikakwera magavana amayamba kugwira ntchito n'kukunamizani. Zulani paipi ya vacuum ku distributor, itsekeni ndi kabawuti. Lozani nyale pa pulley, kamzere ka choko kaoneka ngati kaima. Kakhale pa 8. Kenako pondani moto pang'onopang'ono: kamzere kayende bwinobwino kuchoka pa manambala kupita mbali ya kutali ndi 0, mukasiya kabwerere pa 8. Bwezerani paipi, pondaninso pang'ono, kapite patsogolo kuposa poyamba.

Chenjerani ndi fani. Nyale ija imapangitsa fani kuoneka ngati yaima pamene ikuzungulira. Malaya opinda manja, mawaya a nyale kutali ndi fanibeliti. Popotoza distributor gwirani pansi pa bodi, osati pa kapu, moto wa koyilo umaluma.

Madala a Sipanala: Mwana uyu amadziwa ntchito, amangokonda kugulitsa. Ndionjeze: kamzere kakamavinavina pa idling osakhazikika, pomwe shafti ili bwino, ganizirani tcheni kuti yatalika. Ndipo ngati mnzanuyo ali ndi mita ya dwell, yoyeza madigiri amene mapointi amakhala otseka, iwerenge cha pa 52. Pa kachitini ka vacuum pa ma distributor ena a K pali kachitsulo kopotoza, kolembedwa A (kufulumizitsa moto) ndi R (kuuchedwetsa). Ngati kalipo, kakhale pa mzere wa pakati musanatchere. Kanaikidwa kuti mwini azisintha pang'ono malinga ndi petulo popanda sipanala.

Mwini KE70: Nyale yaonetsa pakati pa 8 ndi 9, ndasiya pomwepo. Kamzere kaima nji, ndipo ndikaponda moto kakuyenda n'kubwerera. Ndazungulira nayo mpaka ku Limbe ndi kubwerera, ndi galimoto ina. Giya 4 ikukoka kuyambira pansi, muvi wa kutentha wakhala pakati. Sitata yapepuka.

Khutu Langa: Chabwino, ndavomera za magavana. Koma ndikufunsebe: 8 ameneyu ndi lamulo la Mose? Petulo wathu ali ndi ethanol, Blantyre ili pamwamba. Ine ndikanaonjezera awiri kapena atatu, iyende mopepuka, imwenso mafuta pang'ono.

Wa ku Joni: Mfundo imeneyo ili ndi mutu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, injini sidzaza mokwanira, ndiye sigogoda msanga. N'chifukwa chake kuno timagula petulo wa 93 pamene ku Durban ndi 95. Galimoto ya kabuleta yotcheredwa kuno mofulumiza, ukatsika nayo kunyanja imayamba kugogoda. Amakaniko akale ankadziwa, munthu akati ndikupita ku Durban amabweza pang'ono.

Aphunzitsi Opuma: Za ethanol ndi zoona, kwathu kuno tinayamba kusakaniza mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo ethanol amathandiza petulo kupirira kugogoda. Koma woyendetsa sadziwa kuti mu thanki mwake lero muli wochuluka bwanji. Nthawi ya kusowa kwa mafuta anthu amathiranso a m'zigubu, osadziwa kuti asakanizamo chiyani.

Madala a Sipanala: A Khutu, galimoto ikanakhala ya ku Dedza, yosatsika kumunsi, ndikanati onjezerani awiri, ndipo sindikanataya tulo. Koma tamverani kumene iyi imayenda. Blantyre ili pa mamita 1,000 ndi kanthu, kwawo ndi ku Chikwawa, m'chigwa cha Shire, pafupifupi pansi penipeni, kotenthanso koopsa mu Okutobala. Mpweya wa kumeneko ndi wolemera, injini imadzaza, ndipo pobwerera imayamba Thabwa ili yotentha, m'buti muli matumba a mapira. Malo ovuta kwambiri ndi amenewo, ndipo timing imatcheredwa poganizira malo ovuta. Komanso injini yakale imakhala ndi mwaye pamwamba pa mapisitoni, umene umakweza compression.

Khutu lili ndi ntchito yake, koma pamsewu, osati pa galaja. Injini itatentha, pamalo okwera pang'ono, giya 4, liwiro cha m'ma 40, pondani moto mpaka pansi. Mukamva kugogoda kopitirira, bwezani madigiri awiri, yesaninso. Mukapanda kumva kanthu mukhoza kuonjezera awiri n'kuyesanso, koma mukayesere kumunsi, osati ku Ginnery Corner. Ndipo muzilemba pamene mwaika, kuti mudziwe pobwerera.

Khutu Langa: Ndiye khutu lapambana ndithu.

Mayi wa Liteace: Lapambana litabwereka babu, fila ndi timing light.

Mwini KE70: Loweruka ndikupita kumudzi, ndikaiyesera kumeneko ndisanasinthe kanthu. Chotsala: mapointi amenewa ndiziwaona liti?

Madala a Sipanala: Atsopano muwaonenso mukayenda makilomita 1,000, chifukwa kachidendene kamadyeka msanga poyamba, mpata n'kuchepa, moto n'kuyamba kuchedwa. Pambuyo pake, nthawi iliyonse mukusintha oyilo. Pa kamu pakani girizi kochepa kwambiri, kongonyezimiritsa, wambiri amadumphira pa mapointi. Mukaona mbali imodzi yamera kaphiri inayo yakumbika, kondensa ndi yokayikitsa. Kondensa yakale ya bambo anu ngati ilipo isungeni m'galimoto pamodzi ndi mapointi akale, zatsopano za masiku ano zina zimafa zisanathe mwezi. Mukakhudza mpata, mubwerezenso timing. Ndipo muzipotoza rota ndi dzanja nthawi iliyonse mwatsegula kapu.

Mayi wa Liteace: Popeza yakhalitsa osayenda, muonenso mapaipi a rabala a petulo musanapite. Akale amauma n'kung'ambika, ethanol amawamaliza msanga. Paipi ya vacuum nayonso, ikang'ambika pansonga dulani kapena sinthani.

Mwini KE70: Ndafika ku Chikwawa ndipo ndabwerako. Kumunsi, giya 4 pa 40, inagogoda kawiri katatu nditangoponda kenako n'kusiya. Thabwa ndakwera ndi anthu anayi ndi matumba awiri, giya 3 mbali yaikulu, 2 pamakona okhota kwambiri, osagogoda, madzi osawira. Ndiisiye pomwepa kapena ndibweze?

Madala a Sipanala: Ili m'malire. Munati nyale inaonetsa pakati pa 8 ndi 9, ibwezeni ikhale pa 8 penipeni, poti Okutobala sanafike. Kachitsulo ka A ndi R kalipo?

Mwini KE70: Kalipo, kanali kokwiririka ndi dothi.

Madala a Sipanala: Ndiye sipanala safunika. Potozani pang'ono kupita ku R, onani ndi nyale musanaibweze kwa mwini wake.

Mnyamata wa Mawaya: Batire yakale ija mukugulitsa zingati, akulu?

Admini: Zamalonda ku inbox chonde. Amene ali ndi funso la kabuleta ya 4K atsegule nkhani yake payokha, ino tiisiye ya timing kuti ena adzaipeze mosavuta.